Mnyamata wa Shapu ndi Malume Obwereka

Linnet mtima sunali m'malo sabata imeneyo abale inu, ndipo wolakwa anali mnyamata wa ku Thyolo amene pakamwa pake pankatuluka liwu limodzi lokha kkkk. Dzina lake Shepherd. Wamtali, wakuda bii, mano oyera mbee, koma kuyankhula ndiye ayi ndithu. Ukamupatsa moni, shapu. Ukamufunsa ngati wadya, shapu. Ukamuponda chala mu tekisi n'kupepesa, shapu, chikhalirecho nkhope yachita tsinya ndi ululu.

Anakumana pa renki ya matekisi m'tauni ya Rustenburg chaka cha 1996, Linnet atangofika kumene ku Joni kuchokera ku Ntcheu. Pulasitiki yake ya malalanje inang'ambika, malalanje n'kumwazikana mpaka kunsi kwa matekisi, iye wangoima manyazi atamugwira. Nde kunatulukira mnyamata wovala ovolosi ya ku mgodi n'kuyamba kutola, kukwawa ndithu ndi mawondo anthu akuseka. Linnet poiwala kuti ali dziko la eni anangoti zikomo kwambiri. Mnyamata uja anadzutsa mutu, amvekere, "Shapu. Ndinu a kumudzi eti?"

Basi chibwenzi chinayambira pamenepo. Kufunsira kwenikweni sikunachitike, munthu wake angafunsire bwanji kkkk. Ankangopezeka pa renki paja nthawi imene Linnet akuchokera ku maganyu ake a m'nyumba ku Protea Park, atanyamula lalanje limodzi losenda kale.

Liwulo si kuti analiyambitsa ndi Shepherd ayi. Ndi la chizungu, koma ku Joni aliyense analitola n'kumaligwiritsa ntchito ngati chitenje, choberekera mwana chomwecho, chomangira katundu chomwecho, chofunda chomwecho. Dalaivala wa tekisi ukamuuza potsikira, shapu. Mayi wa magwinya akamakupatsa mandasi ake akuluakulu aja, shapu. Anyamata potsanzikana, shapu shapu, chala chachikulu m'mwamba. Dona wa ku Protea Park akati ubwere seveni koloko shapu ndiye kuti usachedwe ngakhale pang'ono, akati samala mpeniwo uli shapu ndiye kuti ndi wakuthwa. Munthu akatchena amati wavala shapu. Wochenjera pa sukulu, mwana wa shapu. Ukamalowa m'tauni kumapeto a mwezi anzako amvekere ukhale shapu, kuli otsomphola zikwama. Ngakhale anthu akakangana, wina akatopa amangoti shapu n'kutembenuka, ndiye kuti tionana, sizinathe.

Nde taganizani kukonda munthu amene zonsezi amazinena ndi liwu lomwelo. Linnet ankati akamachapa aziganiza, ija ya dzulo ija inali shapu ya ndakusowa kapena shapu ya ndatopa nawe? Anafika pozidziwa pang'ono. Inalipo yaitali, shaaapu, ya akamuona wavala diresi yachikasu. Inalipo yodukiza, shap, ya akakhala ndi njala. Koma zina ndiye zinkamusiya m'malere.

*

Linnet ankakhala ku Meriting kwa malume ake a Jairos, mchona weniweni, anabwera nthawi ya Wenela ali mnyamata, pano anapuma pa ntchito ndipo ndi mkulu wa mpingo. Munthu wa malamulo, ngakhale wailesi m'nyumbamo inkayatsidwa ndi iwo okha. M'nyumba momwemo munali akazi awo, anti Rozalia, ndi Christobel, mwana wa mchemwali wawo wa anti Rozalia. Christobel anakulira ku Joni konko, Chitswana chili thwaa pakamwa, chingamu sichichoka, ndipo Shepherd anamuika diso kalekale, aliyense ankadziwa kupatula Shepherd yemweyo.

Lamulungu lina atachokera ku tchalitchi, a Jairos anaitana onse pa balaza. A Beston, aja amanyamula katundu wa anthu pa bakki, galimoto ya pikapu ija, ndi ngolo kupita naye ku Malawi, anali atabweretsa kaseti yochokera kwa amayi ake a Linnet. A Jairos anaipukuta ndi mpango, kuilowetsa mu wailesi, n'kudina.

Kunamveka tambala kaye, kenako mwana kutsokomola, kenako mawu a amayi, okweza ngati akuitana munthu kutsidya kwa dambo.

"Achimwene, kaya mwadzuka bwanji kumeneko, ife kuno tilipo, mbuzi ija inaswa. Tsono nkhani ndi ya mwana wanuyo. Kuno kwabwera a Symon, aja a chigayo, adzaonekera ndithu ndi malume awo, mwaulemu wake. Ife tawauza kuti mwini mbumba ali ku Joni. Ngati kumeneko kulibe amene wagogoda, mumukweze pa galimoto ya a Beston abwere. Mwana wamkazi sakalambira kuchilendo."

A Symon a chigayo abale. Linnet ankawadziwa bwino, ufa m'makutu, ufa m'nsidze, ana awo oyamba anaphunzira nawo sitandade imodzi. Christobel anabisa pakamwa ndi kushoni, mapewa akugwedezeka.

A Jairos anazimitsa wailesi. "Linnet. Alipo?"

Linnet anali atagwada pafupi ndi chitseko, akukanda polishi wa pansi ndi chikhadabo.

"Alipo ankolo," Christobel ndi amene anayankha. "Uja wa shapu."

"Wa chani?"

"Amene munakumana naye pa geti tsiku lija, munamufunsa kuti muli bwanji, iye n'kuti shapu."

A Jairos anavula magalasi. "Ameneyo. Ine chizungu ndinaphunzira ku mishoni, kwa eni ake. Shapu ndi lumo. Shapu ndi singano. Munthu ndikumufunsa za moyo wake akundiuza kuti ndi lumo." Anti Rozalia anaseka mpaka kugwira m'nthiti, koma a Jairos sanaseke. "Tamvera mwana wa mlongo wanga. A Beston akubwerera Loweruka la sabata ya mawa. Ngati mnyamatayo ndi munthu, abwere Lamulungu likubwerali ndi malume ake. Malume a magazi. Osati za ku Joni kunozi zomangogwira mdala aliyense wa jekete kuti ndiye nkhoswe. Ndinaona ndi maso anga mwana wa mnzanga, banja litavuta, nkhoswe yobwereka inati ine anthu amenewa sindikuwadziwa. Wondinamiza ine pakhomo pano saponda kawiri. Akapanda kubwera, ulongedze."

*

Lolemba madzulo dzuwa lisanalowe Linnet ananamizira kokagula parafini. Shepherd anali atatsamira kontena ya matelefoni pafupi ndi sipaza, kagolosale ka pakona paja, skafutini yake ya chakudya ili kukhwapa, fumbi la ku mgodi likadali m'khosi. Linnet anafotokoza zonse osapuma, za kaseti, za a Symon, za ufa m'makutu, za Loweruka. Atamaliza anamuyang'ana.

Shepherd anayang'ana nsapato zake. "Shapu."

"Shapu chani?"

Shepherd anasamutsira skafutini kukhwapa linalo.

"Shapu ndipite? Shapu a Symon ndi abwino? Shapu mwamva? Shapu yake iti imeneyi a Shepherd, ya mpeni, ya dalaivala, ya seveni koloko? Ine ndatopa kumasulira. Anzanga amauzidwa mawu, ena mpaka amawaimbira nyimbo pa Channel Africa, ine chaka chathunthu ndikudya liwu limodzi ngati nyemba za ku boding'i." Apa ulemu unathawa. "Iwe, ukundifuna kapena sukundifuna?"

Mayi wa pa sipaza anasuzumira pa windo kkkk, anthu a pa mzere wa telefoni onse makosi atembenuka. Shepherd anamugwira pa chigongono n'kupita naye kuseri kwa kontena. Kenako anayamba, pang'onopang'ono, ngati munthu woyenda pa miyala yoterera.

"Pansi pa mgodi paja makina akamalira sumumva mnzako. Nde mwala ukagwa, fumbi lili tolotolo, umaitana dzina lake. Akati shapu ndiye kuti ali moyo. Basi. Ine mawu ataliatali ndimawaopa Linnet, ndikayamba amandithawa. Ndikati shapu kwa iwe ndimatanthauza kuti ndilipo. Sindikupita kulikonse."

Eee abale. Linnet anafuna kumwetulira koma anakumbukira kuti wakwiya, nde anangoluma mlomo.

"Kukhalapo kwanuko malume sakukufuna. Akufuna malume anu."

"Malume anga ali ku Thyolo, amathyola tiyi. Ngakhale ku Blantyre amapita kamodzi pa chaka. Pasipoti sanaionepo."

"Achibale ena kuno?"

Anapukusa mutu.

Linnet anayenda uku ndi uku, botolo la parafini likugunda pa bondo. Maganizo oipa amabwera msanga inu. Ku Joni kuno anthu amabwereka chilichonse, jekete ya pa ukwati, nsapato za ku intavyu, ngakhale dzina la munthu pofuna ntchito. Nde malume okha ndiye avute?

"Bwerekani," anatero.

"Koma wanena kuti akufuna a magazi."

"Magazi amaoneka pa jekete? Bola akhale a kutali, oti malume sakuwadziwa. Osati a mpingo wathu, osati a mgodi umene ankagwira. Akangovomera basi, zinazo tidzakonza a Beston atapita."

Shepherd anakanda m'mutu nthawi yaitali. Kenako anati alipo mdala wina ku Segwaelane, kufupi ndi Brits uko, a Elisha, a ku Balaka. Ndi amene anamusunga atangofika kumene alibe pogona. Ku Meriting sanapondeko, mpingo wawo ndi wina, ndipo amamukonda ngati mwana wawo.

"Ndi odziwa kuyankhula?"

"Kwambiri. Mwina mopitirira."

Linnet sanamve bwino mbali yomalizayo, anali atayamba kale kuthamanga, parafini osagula kkkk.

*

Sabata imeneyo inayenda ngati kamba wothyoka mwendo. Linnet anathira mchere mu tiyi wa malume, anapsereza kolala ya shati ya ku tchalitchi, anti Rozalia anamutuma sopo n'kubwera ndi machesi. Akangomva galimoto yaima panja mtima phaa, kuganiza kuti ndi a Beston abwera msanga. Anti Rozalia nawo anatsitsa chikwama chachikulu cha mizeremizere chija pamwamba pa wadiropu n'kuchiika pakhomo la chipinda, ati chiwombedwe mphepo.

Lachinayi mayi wa pa sipaza anamukodola. Shepherd anali ataimba foni kuchokera ku Segwaelane n'kusiya uthenga.

"Akuti chani mma?"

"Akuti shapu."

"Basi?"

"Basi."

"Koma anainena bwanji? Yaitali kapena yodukiza? Anaseka? Anapumira m'mwamba?"

Mayi uja anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Ausi, shapu ke shapu," anatero mu Chitswana, ati shapu ndi shapu basi, n'kutseka windo.

Kuchipinda nako kunalibe mtendere, chifukwa ankagona ndi Christobel. Loweruka masana Linnet akusita diresi yachikasu, Christobel ali gada pa bedi akupenta zikhadabo, miyendo pakhoma.

"Ukusitiranji, ya pa ulendo?"

"Ya mawa."

"Ooo. Koma ku chigayo chikasu sichikhalitsa, ndikukuuziratu." Anauzira zikhadabo. "Dzulo ndinamuona Shepherd pa renki. Anandipatsa shapu shapu. Ziwiri. Iwe amakupatsa zingati?"

"Ziwirizo ndi zotsanzika. Amapatsa ngakhale agalu."

"Mnyamata ngati uja amafunika mkazi wodziwa tauni, Linnet. Woti akamuyankhulira ku ofesi, ku chipatala. Nanga nonse awiri muzikangoti duu ngati mbuzi pa malonda?"

Linnet anakanikiza simbi mpaka diresi inatsala pang'ono kununkha. Koma mumtima ankangoti mawa, mawa uona.

*

Lamulungu cha m'ma thuu koloko geti inalira. Linnet anasuzumira pa katani ya ku khitchini. Kutsogolo kunali mdala wamfupi wonenepa, mutu waukulu, chipewa cha nthenga pambali, jekete ya bulawuni, ndodo yopaka vanishi. Kumbuyo Shepherd, atavala tayi abale, tayi yofiira yomufika pa mchombo, akuyenda ngati yamumanga miyendo. Linnet anaseka n'kufuna kulira nthawi imodzi.

Mwambo wake mtsikana sakhala nawo pa zokambirana, nde iye anakhala ku khitchini, khutu pa chitseko, Christobel atamupanikiza kumbuyo ati nayenso amve.

A Elisha anayamba bwino kwambiri. Anavula chipewa, kuwomba m'manja mwaulemu, kufunsa za moyo wa pakhomo mmodzimmodzi. Kenako amvekere, "Bambo, ife sitinabwere ndi nkhondo. Tambala wathu uyu wakhala akulira mosalekeza, nde titamutsatira taona kuti maso ake ali pa kamsoti ka pakhomo pano."

A Jairos anatsokomola, kutsokomola kwa munthu wokondwa. "Mawu a anthu amenewo. Masiku ano sitiwamvanso. Nanga inu ndi ndani wake?"

"Malume ake. Mayi wake ndi mlongo wanga, kungoti anakwatiwa ku Thyolo."

Linnet anatsina Christobel pa mkono ndi chisangalalo, kuiwala kuti ndi mdani. Anti Rozalia anamuuza kuti alowetse tiyi. Analowa chogwada, osayang'ana Shepherd ngakhale pang'ono, n'kubwerera ku chitseko chake.

Tiyi uja ndi amene anawononga zinthu. A Elisha atamwa kapu yoyamba ndi masikono awiri anamasuka, anayamba za ku mgodi, Chifanakalo chikutuluka, mina lo, wena lo, a Jairos akuyankha, onse akuseka za akapitawo akalekale. Kenako a Jairos anafunsa funso limene mkulu aliyense amafunsa.

"Kumudzi ndiye kuti?"

"Anthu amandidziwa kuti ndine wa ku Balaka, ndiko ndinakulira. Koma mchombo wanga uli ku Ntcheu."

Linnet anakanikiza khutu pa chitseko. Ntcheu? Shepherd sananene za Ntcheu.

"Ntcheu yake iti?"

"Kandeu."

Kapu inagunda pa sosala. "Kandeu mbali iti bambo?"

"Kuseri kwa dambo, panali mkuyu wopindika, ana tinkaseweretsa ngati hatchi. Tinachokako ndi njala ya fote naini, ine ndili kamwana. Mayi anatitenga kupita ku Balaka kotsata chinangwa, osabwereranso."

"Mayi anu dzina?"

Apa munthu wanzeru akanatchula dzina lina lililonse abale. Koma a Elisha anali ataiwala kuti abwera kudzanama. Maso anali ku Kandeu.

"Mwandida. Nambewe. Anali ndi chala chimodzi chodukira ku msampha."

Linnet anakankha chitseko pang'ono. A Jairos anali ataimirira, magalasi ali m'manja.

"Mwandida ndi mng'ono wawo wa mayi anga. Mayi anamwalira akumulira, ankati njala inamudya pa njira." Anayandikira, kuyang'anitsitsa mutu uja. "Iwe. Si iwe Chimutu iwe?"

A Elisha ndodo inagwa. "Kamtedza?"

Azibambo akuluakulu awiri, a imvi, anakumbatirana pakati pa balaza akulira ngati ana, tebulo la tiyi likugwedezeka. Chimutu, Kamtedza, Chimutu, Kamtedza. Anti Rozalia analuluta, anthu oyandikana nawo nyumba anayamba kusuzumira pa mpanda. Zinali zokoma ndithu, ngakhale Linnet misozi inalengeza. Mpaka pamene anaona nkhope ya Shepherd. Anali atatuwa ngati phulusa, tayi ili m'manja.

A Jairos anapukuta m'maso n'kukhala pansi, dzanja la a Elisha osalisiya. "Nde kuti Mwandida anakaberekanso mwana wamkazi ku Balaka?"

A Elisha anatsegula pakamwa. Anayang'ana Shepherd, anayang'ana mbale wawo amene angomupeza kumene, amene misozi yake inali isanaume. "Ee," anatero motsitsa. "Anabereka."

"Ndiye mayi wa mnyamatayu."

"Ee."

"Mulungu ndi wamkulu," a Jairos anakweza manja. "Taonani zimene watipulumutsa. Tikanakwatitsa ana a bele limodzi ife, m'nyumba ya mkulu wa mpingo. Linnet, talowa kuno mwanawe."

Linnet analowa. Anagwada pa kapeti.

"Za banja ziiwalike, palibe wolakwa, simunkadziwa. Uyu ndi mlongo wako. Agogo ako ndi agogo ake anayamwa bele limodzi. Mpatse moni mlongo wako."

Shepherd anaimirira mwadzidzidzi, mpando n'kugwa kumbuyo. "Bambo, pepani, ine ndili ndi mawu. Ndikufuna ndinene zoona zake za..."

Tangoganizani, tsiku loyamba limene mnyamatayu anafuna kuyankhula chiganizo chathunthu pamaso pa akulu. Koma a Elisha anamugwira bondo ndi dzanja la ku mgodi lija, kufinya ndithu. "Thula wena," ananong'ona kuti akhale chete, maso akuchonderera. Kenako mokweza, "Wadzidzimuka mwanayu achimwene, musiyeni. Ankamukonda kwambiri."

Shepherd anayang'ana mdala amene anamupatsa pogona pamene analibe aliyense. Anayang'ana Linnet. Anadzutsa mpando uja n'kukhala.

"Muli bwanji achimwene," Linnet anatero, mawu akutuluka ngati a munthu wina.

A Jairos anagwedeza mutu mokhutira. "Basi. Loweruka iweyo mnyamata ubwere m'mawa, umunyamulire mlongo wako chikwama mpaka pa galimoto ya a Beston. Ndi ntchito ya mlongo imeneyo. Ndipo kuyambira lero pano ndi kwanu, uzibwera kudzadya."

Anti Rozalia anali akuthira tiyi wina, akumwetulira chamumtima. "Komatu abambo, mnyamatayu wabwera kudzafuna banja, tayi wavala kale. Asabwerere chimanjamanja. Pakhomo pano misoti ilipo iwiri, ndipo winayo si magazi anu."

A Jairos anaseka mpaka kutsokomola. "Mayi, mwafulumira. Koma mwanena zoona, si magazi athu. Tidzakhala pansi."

*

Linnet anathawira ku khitchini, n'kutsegula mpopi kuti asamveke akulira. Maganizo ankathamanga ngati nyerere zothiridwa madzi otentha. Akaulula, Shepherd ndi wabodza, pakhomo pano sadzapondanso, ndipo malume adzadziwa kuti mbale amene amulira zaka zonsezi walowa m'nyumba mwawo ndi bodza. Akapanda kuulula, Loweruka ali pa bakki ya a Beston, kumbuyo kwa mafiriji a anthu, ulendo wa ku chigayo. Ndipo nzeru yobwereka malumeyo anabwera nayo ndi iye mwini, palibe woti amuloze chala.

Christobel analowa ndi makapu, n'kutseka chitseko ndi chidendene. Anawaika mu sinki mmodzimmodzi, mosafulumira.

"Lachisanu lija pa renki sanali yekha," anatero, chingamu chikulira. "Anali ndi mdala yemweyu. Ndinaima kumbuyo kwawo pa mzere wa tekisi. Mdala ankamufunsa kuti, paja mayi ako dzina lawo ndani, ndingakaiwale. Malume ake enieni, osadziwa dzina la mlongo wawo."

Linnet anatseka mpopi. "Nde ukukanena?"

"Ine? Ndinenerenji? Zili bwino chonchi." Anatenga kansalu n'kumupukuta Linnet tsaya limodzi, mwachikondi ndithu ngati mnzake. "Ukafuna kanene wekha, ali pa balazapo, akuimba nyimbo za ku Kandeu. Pita ukawauze ankolo kuti asiye kuimba."

Kuchokera pa balaza kunkamveka mawu awiri okalamba, osagwirizana bwino, akuimba nyimbo ya ana yosewerera pa mkuyu, a Jairos akuwomba m'manja. Chibwerere ku Joni Linnet anali asanawamvepo akuimba nyimbo yosakhala ya m'buku la tchalitchi.

Christobel anamupatsa kansalu kaja m'manja, n'kudzikonza tsitsi pa galasi la kabati.

"Tsuka makapuwo msanga, ine ndikukawathirira alendo madzi osamba m'manja," anatero akutsegula chitseko. "Ndipo Loweruka usadandaule, ndidzakuperekeza nawo, mlamu."